Ababa ndi Mitengo ya pa Diripi

Ndine nesi pa kiliniki ya yunivesite ina kunja kwa mzinda wa Dubai, kumene nyumba zazitali zimathera n'kuyamba mchenga. Mpanda wa sukuluyi ndiwo malire: mkati muli kapinga ndi mitengo, kunja kuli chipululu. Miyezi yotentha palibe amene amaiyang'ana mitengoyo. Tonse timangothamanga kutuluka khomo ili kukalowa khomo ilo, nkhope zili pansi, kuthawa dzuwa. Koma Novembala akamatha, m'mawa mukayamba kuzizira, mitengo ija imatsitsimuka n'kuchita maluwa, ndipo anthu amayamba kuyenda mosapupuluma. M'nyengo yotere ndi mmene Ababa anabwera kudzakhala nane.

Amayi anali atamwalira chaka cham'mbuyo mwake, ndipo Ababa anatsala okha m'nyumba yathu ya ku Ngabu. Moyo wawo wonse anali kalipentala. Zitseko za nyumba zambiri za m'dera lathu zinatuluka pa shedi yawo, ndipo bokosi la Amayi anakhoma okha, atakaniza aliyense kugwira hamala. Achimwene anga, amene nyumba yawo inayandikana ndi ya Ababa, ankandiuza pa foni kuti mdala wayamba kuiwalaiwala. Ankatereka ketulo pamoto n'kupita kumsika, ankafunsa chinthu chimodzi mobwerezabwereza. Tonse awiri tinkati n'chisoni chabe. Ine ndinaganiza kuti akachokako pang'ono m'nyumba imene khoma lililonse linkawakumbutsa Amayi, mtima ukhala pansi. Ndinapita kumudzi pa tchuthi n'kubwerera nawo pa viza ya alendo.

Ndimakhala ku Al Twar, m'kafulati ka m'mwamba kokwanira munthu mmodzi. Ababa ndinawapatsa chipinda, ine n'kumagona pa balaza. Masiku oyamba ndinkawasiya m'nyumba, chakudya chili pa tebulo, wailesi ya kanema ili chiyatsire. Tsiku lina poweruka ndinawapeza ataima pa khomo, atavala jekete ndi chipewa, chikwama chili m'manja, chakudya osachikhudza. Anati akudikira galimoto. Nditafunsa kuti galimoto yopita kuti, anandiyang'ana n'kuseka mwamanyazi. Patangopita masiku ochepa, mayi wina wa ku Philippines wokhala m'munsi mwathu anawapeza akulimbana ndi loko wa chitseko chake, kiyi wathu ali m'manja. Anawaperekeza mwaulemu mpaka pa khomo pathu, koma ine nditamva ndinadziwa kuti sindingawasiyenso okha.

Ndinakafotokozera adokotala a pa kiliniki pathu, mayi wachikulire wa ku Sudan wosachulukitsa mawu. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anaimbira foni a ku ofesi ya alonda, ndipo pofika masana Ababa anali atapezeredwa chitupa cha alendo chovala m'khosi. Kuyambira pamenepo tinkakwera limodzi basi ya ogwira ntchito m'mawa uliwonse. Ankakhala cha pa windo, chipewa chili pa maondo, kuyang'ana misewu yopingasana. Mzindawo sunawagwire mtima kwenikweni. Ankati nyumba za magalasi okhaokha n'zosowetsa mtendere, mlendo sadziwa pogogoda.

Tsiku loyamba ndinawatenga kuzungulira sukulu nthawi ya nkhomaliro. Njira yopita ku laibulale ili ndi mitengo uku ndi uku, ya masamba ogawikana pakati ngati a chitimbe, ndipo inali itangoyamba kumene kutulutsa maluwa ake a pepo. Ababa anaima, nathothola duwa limodzi, nalifikisa ndi zala. Ankayesa kuti ndi la pepala, longa aja amamangirira pa galimoto ya ukwati. Atatsimikiza kuti ndi lenileni, anagogoda thunthu ndi nkhonya monga ankachitira ndi mtengo uliwonse, napukusa mutu. Kwa iwo mtengo unali mbawa kapena mlombwa, wotuluka thabwa. Wa maluwa okhaokha ankati ndi mlesi wovala bwino. Kenako anaona timapaipi takuda tozungulira patsinde pa mtengo uliwonse. Ndinawauza kuti kuno mvula ndi mlendo, madzi amabwera m'timapaipimo pang'onopang'ono, m'mawa ndi madzulo.

"Ndiye kuti yonseyi ili pa diripi," anatero. Tinayenda pang'ono asanawonjezere. "Ngati amako."

Kuseri kwa kiliniki, kufupi ndi geti ya kumbuyo, kuli mtengo umodzi wakale umene ena amati unalipo sukulu isanamangidwe. Ine ndinkaudutsa tsiku ndi tsiku osautukulira maso. Ababa anauzindikira tikadali patali. Unali msawu, wonga yomwe ija yodzaza m'Chigwa cha Shire, ndipo unali ndi timaluwa take ting'onoting'ono tachikasu, tosaoneka bwino koma ta fungo lamphamvu, njuchi zili ng'ung'ung'u. Anavula chipewa ngati akumana ndi mbale wawo pa ulendo. Pansi pake panali benchi, ndipo benchiyo inkaoneka bwino kuchokera pa windo la chipinda chimene timatsukiramo mabala. Pamenepo ndi pamene panakhala pawo. Ndinkawasiyira botolo la madzi ndi buledi, ndipo wodwala aliyense akatuluka ndinkasuzumira pa windo kuona chipewa chija.

Chapafupi ndi msawuwo panali kanyumba ka malata kosungiramo makasu ndi mapaipi. Mwini kanyumbako anali mkulu wina wa ku Pakistan wogwira ntchito m'maluwa, wa ndevu zazitali zopaka mankhwala ofiira. Msinkhu wake sunkasiyana kwambiri ndi wa Ababa. Chingerezi ankangodziwa cha moni, Ababa nawonso chawo chinali cha mainchesi ndi mafiti. Sindikudziwa kuti anayambana bwanji. Ndinangoona tsiku lina atakhala awiri pa benchi, aliyense ali ndi kakapu ka tiyi wa mkaka wotsekemera kwambiri amene kuno amati karaki, akuyang'ana kutsogolo osalankhula. Mawa lake ndinawapeza akulankhula, wina Chichewa, wina chinenero cha kwawo, onse akugwedeza mitu movomerezana. Mkuluyo ankawatchula kuti baba. Ababa ankangoti mnzanga wa ndevu.

Posakhalitsa Ababa anayamba kulondola mnzawoyo pa ntchito. Ankamugwirira paipi, ankamutolera nthambi zodulidwa. Anapeza wilibala yothyoka chogwirira, naisemera china kuchokera ku nthambi ya nimu, ndi kampeni kobwereka. Madzulo a tsiku limenelo m'basi anandionetsa matuza m'manja mwawo, akunyadira ngati mnyamata woyamba kumene ntchito. Chimodzi chokha chinkawazunguza mutu. Anandifunsa kuti n'chifukwa chiyani anthu a pano, ngakhale otchetcha kapinga, akamaliza chilichonse amati kalasi, pamene m'kalasimo salowamo. Ndinawafotokozera kuti mawuwo ndi khalas, Chiarabu, kutanthauza kuti basi, zatha. Anaseka mpaka kutsokomola. Kuchokera tsiku limenelo akamaliza kudya ankakankha mbale n'kunena kuti kalasi.

Mu Januwale kunachita maluwa chamwamba, umene kwathu timati sangowa. Inali mitengo ingapo kuseri kwa khitchini ya ophunzira, kumalo kosafika alendo, ndipo ndikuganiza kuti anaibzala okha anthu a ntchito. Maluwa ake oyera anali lendelende m'nthambi zonse. Ababa anadabwa kuona mnzawo uja akuthyola maluwawo n'kumaika m'jumbo, akuloza pakamwa. Iwo anamukaniza, namuonetsa masamba, kuti chodyedwa ndi ichi. Anakangana ndi manja kwa kanthawi ndithu, mapeto ake aliyense anathyola zake. Loweruka ndinapita nawo ku msika wa ku Deira kukagula mtedza, ndinasinja pa makina, n'kutendera masamba aja monga ankachitira Amayi. Lolemba tinatengako m'kakontena. Mkulu wa ndevu naye anabweretsa maluwa ake ataphika ndi nyama, tsabola wake wotulutsa misozi. Tinadyera pa benchi atatu. Aliyense wa akuluakulu awiriwo anayamikira ndiwo za mnzake, koma ndinaona kuti aliyense akubwerera ku mbale ya kwawo.

Masabata amenewo ndi amene ndimafuna kumawakumbukira. Ababa ananenepa pang'ono. Ophunzira ena anawazolowera, ankawapatsa moni podutsa, ndipo iwo ankavula chipewa kwa aliyense, ngakhale kwa atsikana a msinkhu wa zidzukulu zawo. Ndinayamba kukhulupirira kuti ine ndi achimwene tinkanena zoona, kuti chinali chisoni ndipo chikupola.

Ndiye mango a pafupi ndi nyumba za aphunzitsi anachita maluwa, masawu nawo anayamba kupsa. Kwathu zinthu ziwirizi zimachitika pakati pa chaka, nthawi ya chisanu. Tsiku lina masana nditawapititsira chakudya, Ababa anandiuza kuti Julayi wa chaka chino wazizira bwino. Ndinawauza kuti tili mu Januwale. Anandiyang'ana ngati ndikuwaseka, naloza mango, naloza masawu, naloza juzi imene ndinavala. Sindinalimbane nawo. Ndinaona kuti umboni wonse uli kumbali yawo. Anatafuna pang'ono, kenako anafunsa mosatekeseka.

"Iwe, amako achedwa kuti? Masawu akugwa okha awa."

Ndinaika supuni pansi. Ndinawagwira dzanja n'kuwauza pang'onopang'ono kuti Amayi anatisiya, kuti patha chaka chiwaikire, kuti iwo omwe anakhoma bokosi. Ndinkayembekeza kuti akumbukira n'kuusa moyo. Koma nkhope yawo inasintha ngati ya munthu amene uthenga wa maliro wangomupeza kumene panjira. Anafunsa kuti anadwala chiyani, nanga bwanji palibe amene anawauza. Analira mokweza, manja ali kumutu, mmene sanalirire ngakhale pa maliro penipenipo. Mkulu wa ndevu anabwera akuthamanga, paipi ili m'manja, naima chapatali osadziwa chochita. Pofika nthawi yoweruka Ababa anali atatonthola, ndipo m'basi ankandifunsa chifukwa chimene maso anga afiirira.

Patapita masiku angapo anafunsanso funso lomwelo, ine n'kuyankhanso chimodzimodzi, iwo n'kuliranso chimodzimodzi. Adokotala anaona zonsezo pa windo. Anandiitanira mu ofesi mwawo, natseka chitseko, nandiuza zimene ine monga nesi ndinkazidziwa kale koma monga mwana ndinkazikana. Anatitumiza kwa dokotala wa za ubongo mumzinda. Kumeneko anawajambula mutu, anawafunsa mafunso a tsiku ndi mwezi ndi dzina la dziko limene ali. Ababa anayankha mwaulemu kuti ali ku Joni, poti dziko lakutali la nyumba zazitali limene ankalidziwa linali lokhalo. Yankho la chipatala linali lakuti ndi matenda a ukalamba aja oiwalitsa, ndipo sabwerera m'mbuyo. Anatipatsa mapiritsi ongochedwetsa. Nditabwerera ku ntchito adokotala athu anandiuza chinthu chimodzi chokha, kuti si bwino munthu kumuferetsa mkazi sabata iliyonse.

Kuyambira pamenepo Ababa akafunsa, ndinkati Amayi ali kumudzi, akusamala nyumba. Ankakhutira. Nthawi zina ankadandaula kuti mayi ameneyo sakonda kuyenda, akanabwera akanaona maluwa. Anayamba kutola masawu ogwa pansi n'kumadzaza m'matumba a jekete, kuti akapatse Amayi akayanike pa mphasa. Madzulo ndinkakhuthula matumbawo iwo ali ku bafa, m'mawa n'kuyambiranso kutola. Mkulu wa ndevu atazindikira kuti masawuwo ndi ofunika, anayamba kuwagwedezera nthambi.

Mu Febuluwale kuno kumagwa chifunga chokhuthala, moti munthu suona galimoto ili patsogolo pako. M'mawa wina wotere basi yathu inafika mochedwa. Ndinawakhazika Ababa pa benchi, ndinawakoleka mpango m'khosi, n'kuthamangira mkati, poti panali mtsikana amene mphumu inamugwira ndipo ankabanika. Tinalimbana naye mpaka anayamba kupuma bwino. Nditasuzumira pa windo sindinaone kanthu koma kuyera kokhakokha. Ndinatuluka. Pa benchi panali botolo la madzi ndi mpango uja.

Ndinathamanga ku laibulale, ku khitchini, ku mango kuja, ndikuitana. Alonda anauzana pa mawailesi awo n'kuyamba kufufuza nyumba ndi nyumba. Ndikubwerera ku msawu ndinakumana ndi mkulu wa ndevu. Ndinangoti baba, n'kutambasula manja. Iye anayang'ana benchi, anayang'ana geti ya kumbuyo, imene m'mawa umenewo inali yotsekula chifukwa cha lole yobweretsa manyowa, nandikodola kuti ndimutsate. Kunja kwa geti mchenga unali wonyowa ndi mame, ndipo mapazi a nsapato ankaoneka bwinobwino, akulowera m'chipululu.

Sitinayende mtunda wautali, ngakhale kwa ine unatalika. Tinawapeza atakhala pansi pa mtengo wina wa minga, wa mtundu umene umamera wokha m'mchengamo. Anali atavula nsapato n'kuziika pambali moyandikana bwino, chipewa chili pa maondo, msana uli chilili, ngati munthu wodikira pa siteji. Ndinagwada patsogolo pawo ndikupuma mwabefu. Anayang'ana yunifolomu yanga, nawerama pang'ono.

"Mwadzuka bwanji, anesi? Pepani, kodi inu mungadziwe ngati ya ku Ngabu yadutsa kale?"

Chibadwire changa Ababa anali asananditchulepo kuti inu. Ndili mwana ndinali iwe, nditamaliza sukulu ndinali iwe, nditayamba kuwatumizira thandizo kuchokera kunja ndinali iwe ndithu. Ndinafuna kuwauza kuti ndine mwana wawo. Iwo anapitiriza kufotokoza mofatsa kuti akufulumira, mkazi wawo ali yekha, ndipo kamtsikana kawo kaweruka posachedwa, sikakonda kupeza pa shedi palibe munthu.

Mkulu wa ndevu anafika kumbuyo kwanga n'kunena kuti, "Baba, yalla," kutanthauza kuti tiyeni. Ababa anatukula maso, nkhope yonse inawala. Iyeyo anamuzindikira. Anapereka dzanja, mnzawoyo anawadzutsa, ndipo anayamba kubwerera ku geti atagwirana manja, akulankhula aliyense chinenero chake. Ine ndinkabwera pambuyo nditanyamula nsapato.

Masana a tsiku lomwelo anandidziwanso. Anati, iwe, tiyi wanga ali kuti, ndipo ndinathamangira kukawapangira ngati ndapatsidwa mphatso. Koma kuchokera pamenepo zinkangosinthasintha. M'mawa ndinkakhala mwana wawo, masana nesi wachifundo, madzulo mwina mlongo wawo amene anamwalira ine ndisanabadwe. Ndinaphunzira kumvetsera mawu oyamba otuluka pakamwa pawo kuti ndidziwe kuti lero ndine yani. Alonda anayamba kukhoma geti ija nthawi zonse, ndipo mkulu wa ndevu sankawasiyanso okha. Akamapita kukathirira kutali ankawatenga, ndipo ndinkawaona awiriwo akudutsa pansi pa mitengo ya maluwa a pepo ija, wina akukankha wilibala, wina atagwira m'mphepete mwake.

Ndinkadziwa kuti sizingapitirire. Viza ndinali nditaiwonjezera kale, ndipo masiku ake ankatha. Ngakhale akanandilola kuwasunga, kutentha kunali pafupi, ndipo miyezi yotentha munthu wokalamba sangakhale pa benchi panja. Akanatsekeredwa m'kafulati kaja tsiku lonse, ine ndili ku ntchito. Ndinaganizapo zosiya ntchito n'kubwerera nawo kumudzi. Achimwene anandiletsa. Anati mankhwala a Ababa adzachokera kuti ine ndikakhala pakhomo, ndipo alamu anga anali atavomera kale kuwatengera m'nyumba mwawo. Tinakambirana kangapo pa foni, nthawi zina mokwezerana mawu, koma tonse tinkadziwa kumene nkhaniyo ikathere.

Pofika mu Malichi maluwa a pepo aja anali akuyoyoka, njira ya ku laibulale ili mbwee, anthu osesa akukankhira m'matumba akuda. Chamwamba chinali chitabala nyemba zake zazitali. Masana dzuwa linayamba kuluma. Tsiku lomaliza ndinapempha mnyamata wina wa ku ofesi ya alonda, wolankhula chinenero cha mkulu wa ndevu, kuti amuuze kuti baba akupita kwawo mawa ndipo sadzabweranso. Mkuluyo anamvetsera, nagwedeza mutu, nalowa m'kanyumba kake. Anatuluka ndi nsalu yake ya ubweya imene ankafunda m'mawa kukazizira, nawafunditsa Ababa m'mapewa, ngakhale kunali kotentha. Kenako anawakumbatira nthawi yaitali. Ababa anamusisita pamsana, namuuza m'Chichewa kuti asadandaule, mawa alawirira, amalize ntchito yothirira ija. Mkuluyo anayankha kuti inshallah, Mulungu akalola. Nditatembenuka tili pa basi ndinamuona ataima pomwepo, akupukuta m'maso ndi nsonga ya ndevu.

Kumudzi tinapeza mvula ikutha kumene, kuli kobiriwira, matope ali ponseponse. Ndinkayembekeza kuti akaona nyumba yawo, china chake chibwerera m'malo mwake. Anaima pa bwalo n'kufunsa kuti kuno n'kwa yani. Achimwene anawadziwa, alamu sanawadziwe. Za Amayi sanafunse n'komwe, ndipo chimenechi chinandipweteka mwa mtundu wina. M'mawa mwake anadzuka molawirira, anavala jekete ndi chipewa, nakaima pa msewu. Nditawatsatira anati akudikira basi ya ku ntchito, mnzawo wa ndevu akhala akudabwa. Anachita zimenezi m'mawa uliwonse masiku onse amene ndinakhalako.

Tsiku lina achimwene anatsekula shedi ija, imene inali chitsekere kuyambira pa maliro a Amayi. Munali fumbi ndi akangaude. Anatenga thabwa lakale, analipanikiza pa benchi yogwirira ntchito, nawapatsa Ababa puleni m'manja. Ababa anaitembenuza, anayesa mpeni wake ndi chala chachikulu, anaigogoda pang'ono kumbuyo, n'kuyamba kupala. Zopalapala zinkagwa pansi zitapiringizika bwinobwino. Anapala mpaka thabwa linasalala, anatsinzina diso limodzi kuyang'ana ngati lawongoka, napalanso. Sankadziwa kuti akupanga chiyani ndipo sanafunse. Ine ndi achimwene tinaima pa khomo osayang'anana.

Tsiku lonyamuka ndinawapeza atakhala pa khonde la achimwene, atafunda nsalu ya ubweya ija. Ndinagwada n'kuwauza kuti ndikupita, ndidzabweranso. Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, monga amachitira munthu pothokoza mlendo.

"Mwatisamala, mayi. Mulungu akudalitseni. Kumene mukupitako kuli mwana wanga wamkazi, amagwira ntchito yonga yanuyi. Mukakamuona mukamuuze kuti kuno tili bwino, asamade nkhawa."

Ndinawalonjeza kuti ndikamuuza. Ndinayenda mpaka pa msewu osatembenuka, chifukwa alamu anali atandichenjeza kuti akaona munthu akulira amasokonezeka tsiku lonse.

Nditabwerera ku ntchito, mkulu wa ndevu ankandidikira m'mawa uliwonse pafupi ndi khomo la kiliniki. Ankangofunsa liwu limodzi, baba, ine n'kugwedeza mutu kuti ali bwino, iye n'kuika dzanja pa chifuwa n'kumapita. Kamodzi ndinayesa kuwalumikiza pa foni ya kanema. Ababa anayang'anitsitsa galasi la foni ya achimwene, kenako anayang'ana kumbali n'kufunsa ngati nkhuku zatsekuliridwa. Mkuluyo anabweza foni yanga akumwetulira, koma sanapemphenso.

Ababa anamwalira mu Ogasiti, ndi chibayo. Achimwene anandiimbira masana ndili pa ntchito, kunja kukutentha moti phula linkanunkha. Anandidikira, ndipo ndinakafika mwambo usanayambe. Ndinakhalako mpaka titasesa, n'kutsalira masabata ena kuthandiza achimwene kulongosola za pakhomo.

Pobwerera ndinkaganiza za mkulu uja. Sindinafune kumuuza ndi manja, kapena kudzera mwa munthu wina. M'basi ya ku ntchito ndinapempha mayi wina wa ku laibulale, wochokera dziko limodzi ndi iye, kuti andiphunzitse kunena m'chinenero chawo kuti baba amwalira, sanavutike, ndipo ankakufunsani. Anandibwerezetsa mpaka lilime langa linazolowera. Nditatsika ndinalunjika ku kanyumba ka malata kaja ndikuwanong'ona mawuwo kuti ndisawaiwale.

Ndinapezamo anthu awiri achilendo akulongedza mapaipi. Mmodzi ankadziwa Chingerezi pang'ono. Anandiuza kuti mkulu uja zaka zake zogwirira ntchito zinakwana, ndipo anakwera ndege kubwerera kwawo ine ndili ku maliro. Mudzi wake sankaudziwa. Anandifunsa ngati pali chimene angandithandize. Ndinati ayi, ndinawathokoza, n'kubwerera ku kiliniki, kumene ophunzira anali atayamba kale kukhala pa mzere.